Madzi, nyumba ndi phiri la Ndirande: kodi otsutsa boma amaima pati?

Madzi ambiri amene amatuluka pampopi ku Ndirande amakhala atayenda ulendo wautali. Amapopedwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda wa Blantyre, ndipo makina amawakankha kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka, asadafike m'mathanki a bungwe la Blantyre Water Board. Dontho lililonse limadya magetsi. Magetsi akazima kapena mapampu akafooka, madera a m'zitunda ndiwo amayamba kuuma, ndipo amayi a ku Goliyo, Makata, Malabada ndi Safarao amadziwa chotsatira chake: kulawirira ndi zigubu kukandanda pa kiyosiki, kugula kwa eni mipopi ya panyumba pamtengo woboola m'thumba, kapena kutsikira ku Nasolo, mtsinje umene aliyense akudziwa zimene umanyamula.

M'maiko ambiri, nkhani ngati iyi ndiyo chakudya cha tsiku ndi tsiku cha zipani zotchedwa za kumanzere. Zikakhala kumbali yotsutsa boma, zipani zotere zimakhalira kufunsa za mtengo wa madzi, lendi ya nyumba, zimbudzi, zinyalala, chipatala ndi sukulu, mpaka nduna kutopa nazo. Ku Malawi mbali yotsutsa boma ilipo, ndipo nthawi zina imakhala yaphokoso zedi. Koma chipani cha kumanzere chodziwika ndi mfundo zake, chokhala ndi aphungu ochuluka, sichidakhazikikepo m'Nyumba ya Malamulo. Kumvetsa chifukwa chake kumathandizanso kumvetsa chifukwa chimene Ndirande, dera limene andale onse amaliopa pa kampeni, limasowa wolilankhulira masankho akatha.

Mawu oti "kumanzere" adachokera ku France m'chaka cha 1789, pamene anthu adaukira ulamuliro wa mfumu. M'nyumba ya malamulo ya kumeneko, ofuna kusintha zinthu ankakhala kudzanja lamanzere la wapampando, pomwe oikira kumbuyo mfumu ankakhala kumanja. Masiku ano wandale wa kumanzere ndi amene amakhulupirira kuti zinthu monga madzi, chithandizo cha mankhwala, maphunziro ndi pogona si malonda wamba, kotero boma liyenera kuonetsetsa kuti wosauka akuzipeza, ngakhale zitatanthauza kuti wolemera alipire msonkho wokulirapo. Wa kumanja amadalira kwambiri msika ndi makampani, ndipo amachenjeza kuti boma likachulutsa zaulere limagwa m'ngongole. Mbali zonse zili ndi mfundo zake. Chodabwitsa kuno kwathu n'chakuti pa kampeni zipani zonse zimalankhula ngati za kumanzere, koma zikalowa m'boma zimayenda m'kanjira kamodzi komweko, kamene nthawi zambiri kamakhala katalambulidwa kale ndi obwereketsa ndalama.

Sikuti maganizo otere ndi achilendo m'dziko muno. Mkangano woyamba waukulu pa ntchito zothandiza anthu udabuka patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu wodzilamulira. M'chaka cha 1964 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidalamula kuti odwala azilipira tiki m'zipatala za boma, ndipo lidavomereza lipoti la Skinner limene lidakhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma. Nduna zingapo zidakana. Panali zifukwa zinanso, monga ubale ndi Apwitikizi komanso dziko la China, koma nkhani ya tiki ndiyo idafika pamtima pa munthu wamba. Mu Seputembala chaka chomwecho Kamuzu adachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere adatula pansi maudindo. Nyumba ya Malamulo, imene panthawiyo inkakumana ku Zomba, idaima ndi Kamuzu. Pofika 1966 dziko lidali la chipani chimodzi, ndipo mawu otsutsa adathawira kunja.

Kunjako ndiko kudabadwira gulu la Amalawi limene lidadzitcha poyera kuti ndi la sosholizimu, la LESOMA, limene lidakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndipo linkatsogozedwa ndi Dr Attati Mpakati. Mu 1979 bomba la m'kalata lidamuvulaza manja ali ku Maputo, ndipo mu 1983 adapezeka ataphedwa ku Harare. LESOMA sidapezepo mpando m'Nyumba ya Malamulo.

Mpata weniweni udaoneka mu 1992, ndipo Ndirande idali pakati penipeni pa nkhaniyo. Maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi, imene mwa zina idadzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, komanso mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito m'chigawo cha kummwera kwa Africa, adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. M'mwezi wa Meyi ogwira ntchito kufakitale yopanga nsalu ya David Whitehead, imene ili m'mphepete mwa Ndirande momwe, adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Sitalakayo idafalikira mumzinda wonse, sitolo za PTC zidaphwanyidwa, apolisi adaombera, ndipo anthu pafupifupi 40 adafa. Amene adali mumsewu sadali maloya kapena aphunzitsi a kuyunivesite. Adali owomba nsalu, alonda, amaganyu ndi achinyamata osowa ntchito, ndipo chimene chidawatulutsa m'nyumba poyamba chidali m'mimba.

Wina akadaganiza kuti chipani cha Chihana, mtsogoleri wa apantchito, chidzakolola mavoti m'dera la apantchito ngati limeneli. Sizidatero. Pachisankho cha pa 17 Meyi 1994 anthu adavota motsata zigawo. AFORD idapeza mipando 36 mwa 177, ndipo 33 mwa iyo idali ya kumpoto. UDF ya Bakili Muluzi idapeza 85, MCP 56, ndipo Ndirande idavala chikasu. Chipani chimene chikadatha kukhala cha apantchito a dziko lonse chidasanduka cha chigawo chimodzi. Mu Seputembala chaka chomwecho Chihana adalowa m'boma ngati wachiwiri wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, adatulukamo mu 1996, n'kudzabwereranso mu 2003. Mipando ya AFORD idatsika kufika pa 29 mu 1999, pa 6 mu 2004, ndi umodzi wokha mu 2009. M'zaka zomwezo boma lidali pakalikiliki wogulitsa makampani ake motsata lamulo la mu 1996, ndipo fakitale ya David Whitehead nayo idagulitsidwa mu 2003. M'Nyumba ya Malamulo mudalibe gulu la aphungu lolimba lofunsa mosalekeza kuti ochotsedwa ntchito alowera kuti. Ambiri adalowera mumsika wa Ndirande, kukagulitsa kaunjika, kukhoma mbaula ndi zidebe.

Pali chifukwa chinanso, cha masamu. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti anthu 16 okha mwa 100 aliwonse ndiwo amakhala m'matauni. Mzinda wa Blantyre udali ndi anthu 800,264. Aphungu ambiri amaimira madera a kumudzi, kumene voti imatsata feteleza, chimanga ndi mjigo. Wofuna kulamula dziko amawerenga mitu, ndipo mitu yambiri ili kumudzi.

Kuti mbali yotsutsa ili ndi mphamvu ikafuna, zidaoneka mu 2005. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, adatsala ndi aphungu ochepa. MCP, motsogozedwa ndi John Tembo, idakakamira kuti ndondomeko ya zachuma siidutsa pokhapokha mutakhala feteleza wotsika mtengo wofikira alimi ambiri. Boma lidagonja pa zambiri, ndipo pologalamu ya makuponi idayamba m'nyengo ya 2005/06. Mbiri yabwino idapita kwa Bingu, koma chikakamizo chidachokera kumipando ya otsutsa. Imeneyo idali mfundo ya kumanzere ndithu, ingakhale palibe amene adaitcha choncho. Koma mphamvu yomweyo sidagwiritsidwepo ntchito pa madzi a m'tauni kapena nyumba za anthu a lendi. Mu 2007 ndi 2008 otsutsa adagwiranso bajeti pakhosi, koma ulendo uno nkhani idali gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, loletsa aphungu kusintha zipani. Miyezi idatha akukangana za mipando yawo.

Chilungamo chake, phungu wotsutsa ali ndi malire amene anthu ambiri sawadziwa. Gawo 57 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa Nyumba ya Malamulo kukambirana bilu yoika msonkho kapena yotapa ndalama m'thumba la boma popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya zachuma. Choncho phungu wa ku Ndirande sangadzuke n'kubweretsa lamulo loti boma limange nyumba 5,000 kapena lilipirire madzi a pa kiyosiki. Zida zake ndi zina: mafunso kwa nduna, mfundo za tsiku Lachinayi limene limapatsidwa kwa aphungu wamba, makomiti amene angathe kuitanitsa akuluakulu a mabungwe a boma, komanso voti yake pa bajeti. Komiti yolondoloza ndalama za boma mwamwambo imatsogozedwa ndi phungu wotsutsa. Zida zimenezi si zazing'ono, koma zimafuna munthu wowerenga malipoti ndi wosatopa kufunsa funso limodzi chaka ndi chaka. Ntchito yotere siipatsa munthu nthungululu pamsonkhano.

Nkhani ya msonkho wa pa madzi ikuonetsa bwino mmene zinthu zimayendera. Mu 2016, Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma m'boma la DPP, msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti udaikidwa pa madzi a m'mipopi pamodzi ndi katundu wina wofunika pakhomo. Lamulolo lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo momwemo, ndipo mfuu waukulu udamveka kunja, makamaka kwa bungwe loimira ogula la CAMA ndi mkulu wake John Kapito. Zipani za mgwirizano wa Tonse, zili kotsutsa, zidalonjeza kuti zikalowa m'boma kulumikiza madzi ndi magetsi kudzakhala kwaulere. Zitalowa mu 2020, msonkho wa pa madzi udachotsedwadi mu bajeti ya 2022/23 imene adapereka Sosten Gwengwe. Koma miyezi ingapo izi zisadachitike, mu Novembala 2021, mitengo ya madzi idali itakwera kale ndi pafupifupi theka, ndipo idakweranso mu 2023. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Apa DPP, imene idaika msonkho uja, ndiyo idali kotsutsa, ikulira m'malo mwa osauka. Osewera adangosinthana magoli.

Funso limene chipani cha kumanzere chikadafunsa si lakuti madzi akwere kapena asakwere basi. Blantyre Water Board ili ndi mavuto enieni. Gawo lalikulu la ndalama zake limathera ku magetsi opopera madzi kuchokera ku Shire. Pafupifupi theka la madzi amene limapopa silibweretsa ndalama chifukwa cha mapaipi akale obooka, kuba madzi ndi mamita osagwira bwino ntchito. Nthambi za boma lenilenilo zakhala zikusunga ngongole zikuluzikulu za madzi kwa zaka zambiri. Bungwe lotere likapanda kukweza mitengo limagwa, ndipo likagwa woyamba kuvutika ndi wosauka yemweyo. Funso lenileni ndi lakuti mtolowo asenze ndani. Kodi banja la ku Chinseu logula ndowa zisanu patsiku lilipirire madzi otayika mumsewu ndi bilu imene nthambi ya boma sidalipire? Kodi malita oyambirira, amene munthu sangakhale moyo popanda iwo, angatsitsidwe mtengo kuti wothirira kapinga ku Nyambadwe, kutsidya kwa msewu chabe, alipire zochulukirapo? Kodi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi amene amayendetsa makiyosiki amawerengetsa ndalama zawo kwa yani? Mtengo wa magetsi uli ndi bungwe la MERA louunika, pamene wa madzi kwa zaka zambiri wakhala ukuvomerezedwa ndi boma lomwe lili mwini wa mabungwe ogulitsa madziwo. Mafunso otere samveka kawirikawiri m'Nyumba ija, ndipo akamveka amatha ndi tsiku lomwelo.

Ku South Africa, matenda a kolera atavuta m'chigawo cha KwaZulu-Natal m'chaka cha 2000, boma lidayamba mu 2001 ndondomeko yopereka malita 6,000 aulere pamwezi kwa banja. Ndondomekoyo ili ndi zofooka zake, ndipo anthu a dera la Phiri ku Soweto adakafika nayo kukhoti lalikulu mu 2009 podandaula za mamita olipiriratu. Koma mtsutso wa kumeneko udafika pa nambala: malita angati, kwa yani, wolipira ndani. Kuno kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa. Mliri udatha popanda lamulo lotsimikizira munthu wa m'tauni mlingo uliwonse wa madzi. Chonsecho bungwe la United Nations lidavomereza kale pa 28 Julayi 2010 kuti madzi aukhondo ndi ufulu wachibadwidwe, ndipo gawo 30 la malamulo a dziko lino limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu ali ndi mwayi wofanana pa zinthu zofunika, kuphatikizapo chithandizo cha zaumoyo, chakudya ndi pogona.

Phiri la Ndirande ndilo mboni yaikulu ya nkhani yonseyi. Akuluakulu amakumbukira likadali lobiriwira ndi mitengo ya paini ndi bulugamu, alonda a nkhalango akuopedwa. M'zaka zoyambirira za ulamuliro wa zipani zambiri mitengoyo idatha, ena akuti demokalase yabwera, ena akungofuna nkhuni ndi malo olima. Palibe wandale amene adafuna kudana ndi mavoti a Ndirande poletsa. Koma phirilo ndilo limadyetsa damu la Mudi, limene limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi a mumzinda, madzi otsika mtengo chifukwa safuna kukankhidwa kuchokera ku Shire. Phiri litayera, dothi lidayamba kutsikira m'damu, damu lidayamba kukwiririka, ndipo mankhwala oyeretsera madzi amatope adayamba kudya ndalama zambiri. Mtengo umene udadulidwa mu 1995 ukulipiridwabe lero pa kiyosiki.

Apa ndipo pamene nkhani ya chilengedwe imavutira wandale woona mtima. Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango za owononga nkhalango posintha lamulo la nkhalango mu 2020, ndipo komiti ya zachilengedwe, imene Werani Chilenga adaitsogolera kwa zaka zambiri, yakhala ikulankhula mwamphamvu za makala. Koma pafupifupi khomo lililonse ku Ndirande limaphikira makala, chifukwa magetsi ndi gasi n'zodula kapena kulibe. Kulanda thumba la makala kwa wanjinga wochokera ku Neno kapena ku Mwanza n'kosavuta. Kupezera mayi wa ku Matope chophikira china chimene angakwanitse ndiyo ntchito imene imafuna ndalama ndi ndondomeko. Chimodzimodzi mapepala apulasitiki opyapyala: adaletsedwa mu 2015, khoti la Supreme lidavomereza chiletsocho mu 2019, koma makampani adapitiriza kutenga ziletso za kukhoti kwa zaka, majumbo akutseka ngalande ndi milatho ya Nasolo ndi Mudi.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, adaonetsa mtengo wa zonsezi. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo Ndirande nayo idalira maliro. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Patangotha mwezi umodzi aphungu adavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene lidakhala likudikira kwa zaka. Lamulolo limapatsa boma mphamvu zoletsa anthu kukhala m'malo angozi. Koma munthu samanga nyumba m'mbali mwa phiri chifukwa chokonda mphepo. Amamanga pamenepo chifukwa ndipo pokha pamene angapeze poloti yolingana ndi thumba lake, pafupi ndi Makata, Ginnery Corner kapena Limbe kumene amapeza ganyu. Kumuuza kuti asamuke popanda kumuonetsa kopita kuli ngati kuthamangitsa nkhuku pamphale uku nsengwa ili pansi pomwepo.

Ndiye nkhani ya nyumba. Bungwe la Malawi Housing Corporation lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kuwonjezera pa nyumba za lendi linkadula mapoloti m'madera amene anthu ankaloledwa kumanga nyumba zolingana ndi mphamvu zawo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 madera amenewa adaperekedwa kumakhonsolo, amene adalibe ndalama zodulira mapoloti atsopano mogwirizana ndi kuchuluka kwa anthu. Zotsatira zake, anthu oposa theka la mzinda wa Blantyre amakhala m'malo osakonzedwa mwadongosolo, kopanda misewu yolowa galimoto yozimitsa moto kapena yopopa zimbudzi. Ambiri mwa iwo ndi a lendi, mabanja angapo pampanda umodzi, chimbudzi chimodzi, bafa imodzi, ndipo landilodi akhoza kukweza lendi mwezi uliwonse umene wafuna. Mzinda udakhalanso zaka zisanu ndi zinayi, kuyambira 2005 mpaka 2014, wopanda makhansala chifukwa chisankho cha makhonsolo chinkangoimitsidwa.

Pologalamu yaikulu ya nyumba ya zaka zaposachedwapa, ya malata ndi simenti imene boma la DPP lidayamba litalowa mu 2014, inkafuna kuthandiza mabanja 80 m'dera la phungu aliyense pachaka. Otsutsa adaidzudzula kuti imakondera a chipani ndipo ngongole zake sizibwezedwa. Koma chilema chake chachikulu kwa munthu wa m'tauni sichidakambidwe mokwanira: malata amathandiza amene ali kale ndi malo ndi khoma lake. Wa lendi alibe denga loti akhomepo. Boma la Tonse nalo lidaika mtima pa nyumba 10,000 za asilikali, apolisi ndi ena a chitetezo, ntchito yofunika ndithu, koma yosakhudza wogulitsa tomato. Amene ayesapo kumangira osauka a m'tauni ndi osaukawo eni ake, kudzera m'magulu osunga ndalama a chitaganya cha anthu osowa nyumba mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, amene adamanga nyumba ku Angelo Goveya. Adaonetsa kuti khonsolo ikapereka malo, amayi osunga ndalama pang'onopang'ono amatha kumanga. Chitsanzocho chidasowa aphungu ochinyamula kuti chikhale ndondomeko ya dziko.

Pamene pali chidwi cha aphungu a mbali zonse ndi pa thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Thumbali lidayamba m'nthawi ya Bingu ndi ndalama zochepa, lidafika pa K100 miliyoni pa dera mu 2022/23 ndi K200 miliyoni mu 2024/25. Pa nkhani iyi boma ndi otsutsa sakangana. Mu 2025 khoti lidagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa nawo thumbali kapena kuvota m'makhonsolo, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, atasuma a bungwe la makhonsolo la MALGA. Anthu a ku Ndirande nawo ali ndi mbali yawo pa vutoli, pakuti phungu amamuyeza ndi bokosi la maliro, galimoto yonyamula odwala ndi kamlatho ka pakhwawa. Kamlatho n'kofunika. Koma CDF singakumbe damu la Mudi, singasinthe mapaipi a mzinda wonse, ndipo singamange chipatala cha boma la Blantyre, chimene kulibe mpaka lero, n'chifukwa chake wodwala wotumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono cha Ndirande amakathera pamzere wa ku Gulupu pamodzi ndi odwala a chigawo chonse cha kummwera. Zinthu zazikulu zotere zimamenyedwera mu bajeti ya dziko, ndipo zambiri zimene zachitika zabwera ndi ndalama za kunja: madzi a ku Mulanje odzera ku Nguludi adatheka ndi ngongole ya ku India ya madola 23.5 miliyoni, ndipo mu 2023 World Bank idavomereza madola 145 miliyoni a ntchito za madzi ndi ukhondo mu Blantyre. Kulondoloza mmene ndalama zimenezi zikuyendera, ndi madera amene akuyamba kupindula, ndi ntchito imene phungu wotsutsa angaigwire popanda kupempha chilolezo kwa nduna iliyonse.

Maiko oyandikana nawo akuonetsa kuti kavotedwe nako kali ndi mbali. Ku South Africa mipando imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani m'dziko lonse, n'chifukwa chake EFF ya Julius Malema, imene idayamba mu 2013, idapeza mipando 25 mu 2014, 44 mu 2019 ndi 39 mu 2024, ndipo nkhani za malo ndi nyumba sizichoka pakamwa pa aphungu kumeneko, kaya munthu amakonda machitidwe a chipanicho kapena ayi. Ku Zambia, kumene mu 2021 amavota ngati kuno, wopambana m'dera n'kutenga zonse, chipani cha Socialist cha Fred M'membe chidapikisana nawo koma sichidapeze phungu ndi mmodzi yemwe. Chipani cha anthu a lendi chikhoza kukhala ndi otsatira ku Ndirande, Bangwe, Mtandire, Kawale ndi Chibavi, n'kukhala chachiwiri kapena chachitatu paliponse, osapeza mpando.

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chidatembenuzanso mipando. Peter Mutharika adabwerera m'boma, Nyumba ya Malamulo idakula kufika pa aphungu 229, ndipo Enoch Chihana wa AFORD adalandira udindo womwe uja bambo ake adaulandira mu 1994. DPP, imene idaika msonkho pa madzi mu 2016, ili kumbali ya boma. MCP, imene mitengo ya madzi idakwera kawiri ili m'boma, ndiyo chipani chachikulu kumbali yotsutsa. Chilichonse chili ndi mbiri imene chinzake chingaikumbutse chikangoyamba kulankhula za madzi.

Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, kotero bajeti imakambidwa mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi imene mvula imakhala ili pachimake, Nasolo atadzaza, zimbudzi zokumba zikusefukira ndipo okhala m'mbali mwa phiri akugona khutu lili kunja. Ndalama za unduna woona za madzi, za malo ndi nyumba, za nkhalango ndi za makhonsolo zimavomerezedwa m'masabata omwewo, mutu ndi mutu, ndipo phungu aliyense ali ndi ufulu woimirira pa mutu uliwonse n'kufunsa nduna kuti mwa ndalamazo, zingati zikupita ku Ndirande.